Python ikaitana Java koma yankho n'kubwera lokhota: kusaka vuto mu gRPC

Pulogalamu ya Python imatha kuitana ntchito yomwe ili mu pulogalamu ya Java pa kompyuta ina ngati kuti zonse zili m'fayilo imodzi. Mumangolemba `stub.Lipira(pempho)`, yankho n'kubwera. Kuitana kotereku kumatchedwa remote procedure call, mwachidule RPC. Ubwino wake ndi womwenso umazunza anthu zinthu zikasokonekera, chifukwa kamzere kamodziko kabisa netiweki, TLS (yomwe imabisa mauthenga panjira), HTTP/2, kusandutsa uthenga kukhala ma byte, komanso kamvedwe kosiyana ka manambala ndi malemba pakati pa ziyankhulo ziwirizo.

Tikhazikika pa gRPC, njira imodzi yochitira RPC yomwe Google inatulutsa mu 2015, ndipo imanyamula mauthenga a Protocol Buffers (kalembedwe kosandutsira uthenga kukhala ma byte) kudzera mu HTTP/2. Chitsanzo choyenda nacho ndi dongosolo la malipiro: seva ili mu Java, oitana (ma client) ali mu Python, Go ndi Node.js. Fayilo yake ya .proto, yomwe ndi mgwirizano wa mbali zonsezi, ndi iyi:

```
syntax = "proto3";
package malipiro.v1;
import "google/protobuf/timestamp.proto";

service Malipiro {
  rpc Lipira (PemphoLolipira) returns (YankhoLolipira);
}

message PemphoLolipira {
  string dzina_la_wolipira = 1;
  int64 ndalama_tambala = 2;
  google.protobuf.Timestamp nthawi = 3;
}
```

Pempho limafera malo anayi. Mwina silinafike n'komwe pa seva. Mwina lafika, koma latchula dzina lomwe sevayo sikulidziwa. Mwina lafika pakhomo loyenera, koma ma byte awerengedwa mosiyana ndi mmene analembedwera. Apo ayi ma byte awerengedwa bwinobwino, koma mbali ziwirizo sizikumvana pa tanthauzo lake. Ziwiri zoyambazo zimakuwa zokha ndipo zimakupatsani nambala ya cholakwika. Ziwiri zomalizazo zimabweza OK, ndiye n'zomwe zimadya masiku. Musakhudze khodi musanadziwe kuti mwaima pa malo ati mwa anayiwa.

## Chotsani kaye client yanu pakati

A Python adzati seva ndi yowonongeka, a Java adzati kwawo zonse zikuyenda. Kulozana zala kumeneku kumatha mukabweretsa mboni yachitatu, yomwe ndi grpcurl, kapulogalamu koitanira seva ya gRPC mwachindunji.

```
grpcurl -plaintext 127.0.0.1:50051 list
grpcurl -plaintext 127.0.0.1:50051 describe malipiro.v1.PemphoLolipira
grpcurl -plaintext -d '{"dzina_la_wolipira":"Banda","ndalama_tambala":"150000"}' \
  127.0.0.1:50051 malipiro.v1.Malipiro/Lipira
```

Malamulo a `list` ndi `describe` amagwira pokhapokha seva itayatsa reflection, yomwe imailola kufotokoza yokha ma service ndi mauthenga ake. Ngati sinayatse, perekani nokha fayilo ya .proto ndi `-import-path` ndi `-proto`. Koma yesetsani kuti reflection iyatsidwe, ngakhale pa seva yoyeserera yokha, chifukwa imakuonetsani .proto yomwe seva ikuyendera panopa, osati yomwe anthu akuganiza kuti ikuyendera. Ndipo grpcurl muyiyendetse pa makina omwewo, kapena mu container yomweyo, momwe client yovutayo ikukhala. Ikagwira pa laputopu yanu sizikutiuza kanthu za makina enawo.

Chachiwiri, sindikizani nambala ya cholakwika pamodzi ndi mawu ake onse. Mu Python ndi `e.code()` ndi `e.details()`, mu Java ndi `e.getStatus()`, mu Go ndi `status.FromError(err)`. Manambalawa alipo 17, kuyambira 0 mpaka 16, ndipo ndi ofanana m'ziyankhulo zonse. Mawu otsagana nawo ndiwo amasiyana, koma n'momwe muli nkhani. Mukafuna kuona zamkati, Python, C++, Ruby ndi PHP zimamvera `GRPC_VERBOSITY=DEBUG` ndi `GRPC_TRACE=http`, pomwe Go imafuna `GRPC_GO_LOG_SEVERITY_LEVEL=info` ndi `GRPC_GO_LOG_VERBOSITY_LEVEL=99`.

## UNAVAILABLE, nambala 14: pempho silinafike

Pa makina a seva lembani `ss -ltnp`, muone ngati pali chomwe chikumvetsera pa port 50051, komanso pa adiresi iti. Seva yomvetsera pa `127.0.0.1` imamva oitana a pa makina omwewo okha. Kuti imve akunja iyenera kumvetsera pa `0.0.0.0` kapena `[::]`. Mu Docker, `localhost` amatanthauza container yomweyo, osati makina omwe aisunga. Python ikalephera imati `failed to connect to all addresses` n'kutchula adiresi yomaliza yokha yomwe inayesa. Mukaona `[::1]` pamenepo musathamangire kunena kuti vuto ndi IPv6, mwina ya IPv4 inakanidwanso kale.

M'maofesi omwe intaneti imadutsira pa proxy, onani ngati `http_proxy` kapena `https_proxy` yaikidwa. gRPC ya Python imaitsatira, ndiye pempho lopita ku seva ya m'chipinda chomwecho limakakhota kaye ku proxy n'kukafera komweko. Ikani dzina la sevayo mu `no_proxy`, kapena perekani `grpc.enable_http_proxy` ndi mtengo wa 0 potsegula channel.

Kenako TLS, yomwe chiyankhulo chilichonse chimayamba nayo mwakemwake. Mu Java `ManagedChannelBuilder` imayankhula TLS mukapanda kuiuza `usePlaintext()`. Mu Python mumasankha pakati pa `insecure_channel` ndi `secure_channel`. Mu Go muyenera kupereka credentials nthawi zonse, ngakhale zitakhala `insecure.NewCredentials()`. Client ya TLS ikagogoda pa seva yopanda TLS, Go imati `first record does not look like a TLS handshake`, Python imatchula `WRONG_VERSION_NUMBER`. Zikakhala mosemphana, client yopanda TLS pa seva ya TLS, kulumikizana kumangodulidwa popanda chifukwa chomveka.

Satifiketi nayo ili ndi msampha wodziwika. Ngati kampani ili ndi CA (wosainira masatifiketi) yakeyake ndipo yaikidwa m'makina, Go imaikhulupirira chifukwa imawerenga nkhokwe ya makinawo. Python ya `grpcio` imabwera ndi mndandanda wakewake wa ma CA, ndipo Java nthawi zambiri imayang'ana mu `cacerts` yake. Ndiye seva imodzi, makina amodzi, Go ikulowa pomwe Python ikukanidwa. Ku Python perekani fayilo ya CA mu `grpc.ssl_channel_credentials`, kapena ikani `GRPC_DEFAULT_SSL_ROOTS_FILE_PATH`. Palinso zosemphana nazo: kuyambira Go 1.15 ya mu 2020, satifiketi yomwe dzina la seva lili mu Common Name mokha, popanda SAN (gawo la satifiketi lolembamo mayina a seva), imakanidwa. Mankhwala ake n'kupanganso satifiketiyo, osati kuzimitsa chitetezo. Kuti muone zonsezi ndi maso:

```
openssl s_client -connect seva.example:443 -alpn h2
```

Payenera kutuluka `ALPN protocol: h2`. Popanda mzere umenewu ndiye kuti chomwe chakuyankhanicho sichikuvomera HTTP/2.

## UNIMPLEMENTED, nambala 12: lafika, koma dzina silikudziwika

Pa waya, kuitana kwathu kuja ndi pempho la HTTP/2 lopita ku `/malipiro.v1.Malipiro/Lipira`. Dzinali limachokera ku mzere wa `package`, dzina la service ndi dzina la method, ndipo chilembo chachikulu n'chosiyana ndi chaching'ono. `option java_package` ndi `option go_package` sizilowamo. Wina akakopera .proto n'kusintha `package` kuti igwirizane ndi mafoda ake a Python, khodi imapangika bwinobwino, koma seva imamukana.

Dzina likakhala lolondola, onani ngati service inalembetsedwadi pa seva ndi `addService`. Mu Go muli kamsampha kena: struct yanu imalowetsa `UnimplementedMalipiroServer`, ndiye mukalakwitsa kalembedwe ka dzina la method, compiler siidandaula, ndipo oitana amalandira `method Lipira not implemented`. Mu Java `@Override` ndi yomwe imakutetezani ku zomwezi.

Nthawi zina woyankha si seva yanu n'komwe. Proxy ikabweza HTTP 404, client ya gRPC imaisandutsa UNIMPLEMENTED. 502, 503 ndi 504 zimasanduka UNAVAILABLE. 401 imasanduka UNAUTHENTICATED. Mu nginx gRPC imafuna `grpc_pass`, yomwe inabwera mu 1.13.10, osati `proxy_pass`. Chifukwa chake n'chakuti `grpc-status` imabwera kumapeto kwenikweni kwa yankho, mu ma trailer a HTTP/2, ndipo proxy yosanyamula ma trailer imataya nambala yomwe client ikuyembekeza.

## Yankho ndi OK koma zamkati n'zolakwika

Apa ndi pofunika kukhalapo nthawi yaitali.

Mayina a ma field sayenda pa waya. Chomwe chimayenda ndi nambala ya field, mtundu wa kanyamulidwe, ndi mtengo wake. `ndalama_tambala = 150` imasanduka ma byte atatu: `10 96 01`. Byte yoyambayo ikuti field 2, yonyamulidwa ngati varint, nambala yomwe ma byte ake amachuluka malinga ndi kukula kwake. Awiri otsatirawo ndi 150. Tsono wina wa ku Java akasanjanso uthengawo n'kupatsa `ndalama_tambala` nambala 4, pomwe Python ikadali ndi .proto yakale, seva imaona field 2 yomwe sikuidziwa, imaiika pambali mwakachetechete, ndipo `getNdalamaTambala()` imabweza 0. Palibe cholakwika chomwe chimatuluka, chifukwa Protocol Buffers inapangidwa dala kuti izilekerera ma field achilendo.

Njira yogwirira vutoli ndi kuyang'ana ma byte enieniwo. Ku Python lembani zotuluka mu `pempho.SerializeToString()` m'fayilo, kenako muipereke kwa protoc, compiler ya Protocol Buffers:

```
protoc --decode_raw < pempho.bin
protoc --decode=malipiro.v1.PemphoLolipira malipiro.proto < pempho.bin
```

Lamulo loyambalo silifuna .proto, limangoonetsa manambala a ma field ndi zomwe zilimo. Lachiwirilo muliyendetse kawiri, koyamba ndi .proto ya client, kachiwiri ndi ya seva. Zotuluka zikasiyana, mwapeza. Ngati ma byte mwawatenga pa waya ndi tcpdump kapena Wireshark, kumbukirani kuti gRPC imaika ma byte 5 kutsogolo kwa uthenga uliwonse: imodzi yonena ngati wafinyidwa, anayi onena kutalika kwake. Achotseni ndi `tail -c +6` musanapereke kwa protoc.

Kuti zisabwerenso, .proto ikhale pamalo amodzi pomwe magulu onse azitengapo, osati kutumizirana pa WhatsApp. Field ikachotsedwa, nambala yake ilembedwe pa `reserved` kuti wina asadzaigwiritsenso ntchito. Lamulo la `buf breaking` limayerekeza .proto yatsopano ndi yakale n'kukana zosintha zothyola mgwirizano.

Kusintha mtundu wa field kuli ndi zizindikiro zake, ndipo n'zosavuta kuzizindikira mukazidziwa. `int64` ndi `sint64` zonse zimayenda ngati varint, koma `sint64` imapinda nambala mwa njira ya ZigZag, momwe 0 amakhala 0, -1 amakhala 1, 1 amakhala 2. Wotumiza akakhala ndi `sint64`, wolandira ndi `int64`, 150 imafika ili 300. Zikasemphana, 150 imafika ili 75, ndipo 151 imafika ili -76. Mukaona ndalama zikuwirikiza kawiri kapena kudulidwa pakati, yambirani apa. `float` ndi `double` zimanyamulidwa mosiyana, ina ma byte 4, ina 8, ndiye wolandira amaiona ngati field yachilendo n'kukupatsani 0.

Kukula kwa manambala ndi pomwe ziyankhulo zimasiyana kwambiri. Python ilibe malire pa integer, koma mukaika nambala yoposa malire mu field ya `int32` imakana ndi `ValueError`, zomwe n'zabwino. Java mukaikakamiza kuchoka pa `long` kupita pa `int` imangodula osanena kanthu. Malire a `int32` ndi 2,147,483,647. Kwa amene amasunga ndalama m'matambala, amenewa ndi K21,474,836.47 basi, ndalama yomwe malonda ambiri amaidutsa. Ndalama zikhale mu `int64`. Zisakhalenso mu `double`, pakuti 0.1 kuphatikiza 0.2 imatuluka 0.30000000000000004, ndipo ziyankhulo zimasiyana pa kasindikizidwe ndi kaduliridwe ka zotsalirazo.

Java ilibe ma integer opanda chizindikiro, ndiye `uint32` imaikidwa mu `int` wamba. Go ikatumiza 3,000,000,000, Java imaonetsa nambala ya negative. Ma byte ali bwino, vuto ndi kawerengedwe. Gwiritsani ntchito `Integer.toUnsignedLong`, kapena pa `uint64`, `Long.toUnsignedString`. JavaScript nayo imasunga manambala molondola mpaka 9,007,199,254,740,991 pokha. ID ya `int64` yoposa pamenepa imasintha manambala ake akumapeto, kenako mumadabwa kuti malipiro omwe alipo akubweza NOT_FOUND. N'chifukwa chake JSON ya Protocol Buffers imalemba `int64` ngati string, monga tinachitira mu grpcurl muja. Mu Node, `@grpc/proto-loader` muipatse `longs: String`.

Laibulale yomweyo ili ndi khalidwe lina lomwe lagwetsa ambiri. Mukapanda kuika `keepCase: true`, imasintha `ndalama_tambala` kukhala `ndalamaTambala`. Inu mukatumiza object yokhala ndi dzina loyambalo, imangolidumpha, ndipo seva imalandira 0. Mayina amasinthanso kwina, Go imati `NdalamaTambala`, Java imati `setNdalamaTambala`, koma kumeneko compiler imakugwirani. Ku JavaScript kulibe wokugwirani.

Ndiye pali nkhani ya ziro. Mu proto3, field wamba ikakhala 0, `false` kapena string yopanda kanthu, siitumizidwa n'komwe. Wolandira sangasiyanitse "chindapusa ndi 0" ndi "chindapusa sindinachitchule". Seva ikamati ikaona 0 iziika chindapusa chanthawi zonse, kasitomala wokhululukidwa amalipitsidwa. Ikani `optional` patsogolo pa field yotereyi, zomwe protoc imavomera popanda chilolezo chapadera kuyambira 3.15. Mukatero Python imakupatsani `HasField`, Java `hasChindapusa()`, Go pointer yomwe ingakhale `nil`. Pa enum, mtengo woyamba uyenera kukhala 0, ndipo 0 ameneyo mumupatse dzina losonyeza kuti sichinatchulidwe. Mukampatsa `WALIPIRA`, uthenga uliwonse wosadzazidwa uzioneka ngati munthu walipira. Seva ikawonjezera mtengo watsopano pa enum, client yakale ya Java imauona ngati `UNRECOGNIZED`, pomwe Python ndi Go zimangokupatsani nambala yakeyo. `Switch` yanu ikhale ndi njira ya zosadziwika.

Nthawi imalakwika mwa njira ziwiri. Yoyamba ndi muyeso: `time.time()` ya Python imapereka masekondi, `System.currentTimeMillis()` ya Java ndi `Date.now()` ya JavaScript zimapereka ma millisecond. Masekondi akawerengedwa ngati ma millisecond, tsiku limagwera mu January 1970. Zikasemphana, chaka chimathawira kutsogolo zaka masauzande. `google.protobuf.Timestamp` imathetsa izi chifukwa imanena poyera kuti ndi masekondi ndi ma nanosecond kuchokera pa 1 January 1970, nthawi ya UTC. Yachiwiri ndi chigawo cha nthawi. `datetime.now()` ya Python siinena kuti ndi nthawi ya kuti, ndipo `FromDatetime` imaitenga ngati UTC. Makina omwe wotchi yake ili pa nthawi ya ku Lilongwe, Lusaka kapena Harare ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri, ndiye malipiro onse amalembedwa maola awiri kutsogolo, ndipo a usiku kupitirira 10 koloko amaoneka ngati a tsiku lotsatira seva ikamawabwezera ku nthawi yakwathu. Lembani `datetime.now(timezone.utc)`. Kusiyana kwa maola athunthu nthawi zonse kumaloza ku chigawo cha nthawi, osati ku wotchi yochedwa.

Malemba athu ali ndi chilembo choyesera bwino kwambiri, ŵ. Mu Unicode ndi U+0175, mu UTF-8 ndi ma byte awiri, `C5 B5`, ndipo mu Latin-1 kapena Windows-1252 mulibe. Mukaona `MalaÅµi` m'malo mwa `Malaŵi`, ndiye kuti penapake ma byte a UTF-8 awerengedwa ngati Latin-1. Mukaona `Mala?i`, chilembocho chinatayika polemba ndipo sichibwerera. Kawirikawiri gRPC siikhala yolakwa. Wolakwa amakhala khodi yowerenga fayilo kapena database uthenga usanapangidwe. Java isanafike pa 18, `getBytes()` ndi `new String(bytes)` zopanda charset zinkatsatira makina omwe zikuyendapo, ndiye khodi imodzimodziyo inkapereka zosiyana pa Windows ndi pa Linux. Tchulani `StandardCharsets.UTF_8` nthawi zonse.

Field ya `string` mu proto3 iyenera kukhala UTF-8 yolondola. `len("Malaŵi")` mu Python ndi 6, mu Go ndi 7, chifukwa Go imawerenga ma byte. Mukadula dzina mu Go ndi `dzina[:5]` mumadula ŵ pakati, ndipo kutumiza kumalephera ndi `string field contains invalid UTF-8`. Zinthu zomwe si malemba, monga zithunzi kapena zobisidwa ndi encryption, zipite mu `bytes`. Komanso ŵ amalembeka pawiri: ngati chilembo chimodzi, kapena ngati w wotsatidwa ndi kachipewa U+0302. Pa sikirini n'zofanana, poyerekeza n'zosiyana. Sankhani NFC, yomwe imaphatikiza ziwirizo kukhala chilembo chimodzi, mbali zonse, `unicodedata.normalize` ku Python, `Normalizer.normalize` ku Java. NFC siikonza kankhodolero ka mu ng'ombe kapena Ng'oma, komwe foni ina imalemba U+2019 pomwe kiyibodi ya kompyuta imalemba U+0027. Kameneko mukasinthe nokha musanasake dzina. Mu metadata, timawu totsagana ndi pempho kunja kwa uthengawo, malamulo ndi okhwima kuposa apa: makiyi akhale a zilembo zazing'ono, mitengo ikhale ASCII, ndipo china chilichonse chipite pa kiyi yothera ndi `-bin`.

Chenjezo limodzi lomaliza m'gawo lino: musapange hash kapena siginecha pa ma byte omwe chiyankhulo china chidzapangenso chokha. Protocol Buffers siilonjeza kuti uthenga umodzi uzituluka ndi ma byte ofanana paliponse, makamaka mukakhala `map`. Sainani ma byte omwe mwatumizawo, ndipo wolandira ayese siginecha pa ma byte omwe walandirawo.

## Kudikira kosatha, ndi kulephera kwa apo ndi apo

gRPC siika malire a nthawi yodikira mukapanda kuwaika nokha, ndipo chiyankhulo chilichonse chimawalandira mwakemwake. Python imafuna `timeout=5`, m'masekondi; mukalemba 5000 poganiza ma millisecond mwapereka mphindi 83. Node imafuna nthawi yeniyeni yothera, `Date.now() + 5000`. Mukangolemba 5000 mwatchula nthawi ya mu 1970, ndipo DEADLINE_EXCEEDED imabwera pompopompo. Mu Java, `withDeadlineAfter(5, TimeUnit.SECONDS)` imayamba kuwerenga pomwe mwaiitanira. Mukaiika pa stub kamodzi pulogalamu ikamayamba n'kusunga stub imeneyo, zonse zimayenda kwa masekondi 5, kenako kuitana kulikonse kumalephera. Iitaneni pa kuitana kulikonse. Kusiyana kwa mawotchi a makina awiri musakuganizire pano, chifukwa pa waya pamayenda nthawi yotsala, mu `grpc-timeout`.

DEADLINE_EXCEEDED sikutanthauza kuti ntchito sinachitike. Seva ikhoza kukhala itadula kale ndalama, yankho n'kuchedwa panjira. Client ikangobwereza `Lipira`, munthu walipira kawiri. Pempho lililonse losintha zinthu likhale ndi nambala yakeyake yomwe client imapanga, ndipo seva ikaionanso ibweze yankho lakale lija m'malo mogwiranso ntchito.

RESOURCE_EXHAUSTED, nambala 8, yotchula 4194304 ikunena za malire a 4 MB pa uthenga wolandiridwa. Malirewa ali kwa wolandira, ndiye yankho likakula mumasintha ku client, pempho likakula mumasintha ku seva: `grpc.max_receive_message_length` ku Python, `maxInboundMessageSize` ku Java, `grpc.MaxCallRecvMsgSize` kapena `grpc.MaxRecvMsgSize` ku Go. Kukweza malire kumagwira lero, koma lipoti lomwe lafika 5 MB chaka chino lidzakulabe. Ligaweni m'masamba kapena litumizeni ngati stream.

Kuitana koyamba kwa m'mawa kukamalephera, kwachiwiri n'kugwira, ndiye kuti firewall kapena NAT inadula kulumikizana komwe kunangokhala chete, mbali zonse osadziwa. Keepalive, kutumiza ma ping kuti kulumikizana kusakhale chete, imathandiza, koma mbali ziwirizo zigwirizane. Ma seva a Go ndi Java amayamba ndi lamulo lakuti ma ping asabwere pafupipafupi kuposa mphindi 5 zilizonse. Client ikamatumiza masekondi 10 aliwonse, seva imaithamangitsa ndi GOAWAY yonena `too_many_pings`, ndipo inu mumangoona UNAVAILABLE yobwera mwa apo ndi apo. Sinthani `permitKeepAliveTime` ku Java kapena `EnforcementPolicy` ku Go kuti zilolere zomwe client ikuchita.

Ku Python kuli vuto lakelake la fork. Channel yotsegulidwa Gunicorn, Celery kapena `multiprocessing` isanagawe ma process imatha kumangirira osabweza kanthu. Itsegulidwe mkati mwa worker aliyense, kamodzi, n'kumaigwiritsa ntchito mobwereza.

## UNKNOWN, nambala 2

Exception siwoloka malire a chiyankhulo. Seva ya Java ikaponya `NullPointerException` yosagwidwa, Python imangolandira UNKNOWN popanda chofotokoza chenicheni, ndipo nkhani yonse imatsala mu log ya seva. Seva ya Python imatumizako mawu oyamba ndi `Exception calling application`. Seva ya Go ikabweza `error` wamba imakhalanso UNKNOWN, koma ikachita panic popanda interceptor yoigwira, pulogalamu yonse imagwa ndipo oitana onse amaona UNAVAILABLE, n'kuyamba kusaka vuto pa netiweki pomwe lili mu khodi.

Seva izisankha yokha nambala yoyenera: `context.abort(grpc.StatusCode.INVALID_ARGUMENT, "...")` ku Python, `status.Error(codes.InvalidArgument, "...")` ku Go, ndipo ku Java `Status.INVALID_ARGUMENT.withDescription("...").asRuntimeException()` yoperekedwa ku `onError`. Ku Java komweko, mukaitana `onNext` n'kuiwala `onCompleted`, client imadikira mpaka nthawi yake itatha. Ikaninso nambala ya pempho mu metadata, mbali zonse ziziilemba mu log, kuti mzere wa ku Python muzitha kuupeza ku Java.

Cholakwika china chimabwera pulogalamu isanaitane n'komwe. Python ikati `Descriptors cannot be created directly`, mafayilo a `_pb2.py` anapangidwa ndi protoc yakale kuposa 3.19 pomwe laibulale ya protobuf ndi yatsopano. Apangeninso ndi `grpcio-tools` yogwirizana ndi laibulaleyo, ndipo manambala a zonse ziwiri muwakhomere mu `requirements.txt`.

## Ngati mukadali pa XML-RPC

Madongosolo ena akale akadali pa XML-RPC, RPC ya mu 1998 yolemba mauthenga mu XML. Kusaka kwake n'kosavutirapo chifukwa mauthenga ake ndi malemba owerengeka: ku Python perekani `verbose=True` ku `ServerProxy`, muona zonse zotuluka ndi zolowa. Misampha yake ndi itatu. Integer yake ndi ya ma bit 32, ndiye Python imakana yaikulu ndi `OverflowError: int exceeds XML-RPC limits`. Ma laibulale ena ali ndi `<i8>`, koma si onse amaimva, choncho manambala aakulu atumizeni ngati string. `None` mulibe mu mgwirizano woyambirira; `allow_none=True` imatumiza `<nil/>`, pomwe seva ya Apache XML-RPC ku Java imagwiritsa ntchito `<ex:nil/>`, ndipo pokhapokha ma extension atayatsidwa. Chachitatu, `dateTime.iso8601` siinena chigawo cha nthawi, ndiye lembani mumgwirizano wanu kuti nthawi zonse ndi za UTC, ndipo mbali iliyonse izisandutsa yokha isanatumize komanso ikalandira.